Kodi filimu ya Kingdom of Heaven inanama?

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa nkhondo za mtanda, ndimaonetsa ophunzira anga filimu ya Kingdom of Heaven, imene Ridley Scott anatulutsa mu 2005. Ikatha, sindiyamba ndine kulankhula. Ndimakhala kumbuyo n'kutchera khutu. Chaka chathachi mtsikana wina wovala hijabu anati mtima wake wakhala pansi poona Msilamu amene si chigawenga mu filimu ya Azungu. Mnyamata wina woimba kwaya kumpingo kwawo sanadikire n'komwe kuti mnzakeyo amalize. "Aphunzitsi, mwaona nokha. Aliyense wokonda za tchalitchi mu filimuyi ndi wakupha, apo ayi ndi wamantha." Wachitatu analibe nazo ntchito za chipembedzo, iye anangokopeka ndi mfumu yakhate ija yovala chigoba chasiliva kumaso. Kenako onse anatembenukira kwa ine ndi funso limene ife a mbiri yakale timafunsidwa paliponse: koma zinachitikadi?

Anthu ambiri amaganiza kuti tili ndi buku limodzi lalikulu momwe munalembedwa zoona zonse, ndipo ntchito yathu ndi kulitsegula n'kumachonga ndi cholembera chofiira. Bukulo kulibe. Chimene tili nacho ndi mboni, ndipo mbonizo zinagona m'manda zaka 800 zapitazo, iliyonse itaima mbali yake. Amene munakhalapo pabwalo pamene akuzenga mlandu wa ufumu mukuidziwa kale ntchito yathu. Mbumba iyi ifotokoza mzere wa makolo mwakutimwakuti, inayo ifotokoza mosiyana, ndipo nduna zanzeru sizithamangira kufunsa kuti wabodza ndani. Zimayamba zadziwa kuti wolankhulayu ndi mdzukulu wa yani, nanga apindula chiyani mlandu ukagwera uku.

Tiyambe ndi mfumu yachigoba ija. Dzina lake ndi Baldwin wachinayi, analowa ufumu wa Jerusalem mu 1174 ali ndi zaka 13. Mboni yathu yaikulu pa iye ndi William wa ku Tyre, mkulu wa ansembe amene anamulera ndi kumuphunzitsa. William analemba kuti Baldwin ali mwana ankasewera ndi anzake masewera otsinana m'mikono, ndipo anzakewo ankalira ndi ululu pamene iye ankangokhala duu. Poyamba mphunzitsiyo ankayesa kuti mwanayo ndi wolimba mtima, mpaka anazindikira kuti mkono wake wamanja sukumva kanthu. Umo ndi m'mene khate linadziwikira. Ndimati ndikawerenga ndime imeneyi ndimamva chisoni cha munthu wamkulu amene waona chinthu chimene sankafuna kuona. Mnyamatayo ali ndi zaka 16 anagonjetsa Saladin, mfumu ya Asilamu, ku Montgisard mu 1177, ndipo khungu litamugwira, miyendo italeka kugwira ntchito, ankamunyamula pamachira kupita naye kunkhondo. Anamwalira mu 1185 asanakwane zaka 25. Za chigoba chasiliva palibe mboni ya nthawiyo imene imatchula. Icho n'cha opanga filimu, ndipo sindiwadzudzula nacho, chifukwa chinathandiza owonera kumvetsera mawu a mfumuyo m'malo moyang'ana zilonda zake.

Balian, amene Orlando Bloom amasewera, ndi nkhani ina. Filimu imati anali wosula zitsulo wa kumudzi ku France, mwana wa m'chigololo amene anafika ku Jerusalem ngati mlendo. Balian wa ku Ibelin weniweni anabadwira komweko, anali mmodzi wa akuluakulu a dzikolo, ndipo anakwatira Maria Komnene, mkazi wamasiye wa mfumu Amalric. Chibwenzi chake ndi Sibylla, mlongo wake wa mfumu, n'chopeka. Sibylla ankamukonda mwamuna wake Guy wa ku Lusignan mwakuti akuluakulu atamuuza kuti amusiye kaye asanavekedwe chisoti chaufumu, anavomera pokhapokha amulole kusankha yekha mwamuna wina. Atangovekedwa, anasankha Guy yemweyo. Pakati pa Baldwin ndi Sibylla panalowa kaye mwana wa Sibylla, amene anamwalira mu 1186 ali wamng'ono. Ophunzira anga a ku Dowa ndi ku Dedza amagwedeza mutu akamva kuti ufumu unapita kwa mwana wa mlongo, koma kumeneko sunali mwambo wa kuchikazi ngati wathu. Zinatero chifukwa mfumuyo inalibe mwana wakewake.

Chodabwitsa n'chakuti zambiri zimene owonera amaziyesa zokometsera ndizo zili ndi umboni wolimba. Pa 4 Julaye 1187, asilikali achikhristu atalefuka ndi ludzu anagonja pa mapiri a Hattin. Saladin anapatsa mfumu Guy chikho cha madzi ozizira. Guy atamwa anapatsira Reynald wa ku Châtillon, munthu amene anaswa pangano la mtendere polanda katundu wa amalonda achisilamu. Saladin ananena msangamsanga kuti si iye amene wapatsa Reynald madziwo, chifukwa pa mwambo wawo mkaidi amene wamupatsa chakumwa ndi dzanja lako sungamuphe. Kenako anamukantha ndi lupanga. Alembi achisilamu analemba zimenezi, ndipo nkhani za mbali ya Akhristu zimagwirizana nazo. Pamene mboni zodana zagwirizana pa chinthu chimodzi, ife timakhazika phazi pamenepo molimba mtima. N'zoonanso kuti Balian, posowa asilikali mu mzinda wa Jerusalem Saladin atauzinga, anakweza anthu wamba kukhala ankhondo a pa akavalo. N'zoonanso kuti linga litabooka anaopseza Saladin kuti akakana kukambirana, a mu mzindawo agwetsa malo opatulika a Asilamu ndi kupha akaidi onse asanafe iwo eni.

Tsono kusamala kumafunika pa nkhani ya Balian, chifukwa mbiri imene imamutamanda kwambiri inachokera kwa Ernoul, mnyamata womunyamulira zida. Wantchito sanyoza bwana wake pagulu. Chimodzimodzinso Imad al-Din anali mlembi wa Saladin, ndipo Baha al-Din ibn Shaddad anali bwenzi lake lapamtima. Ibn al-Athir yekha ndiye amamuyang'ana Saladin ndi diso lozizira, ndipo chifukwa chake chilipo: anali wa ku Mosul, wokhulupirika ku banja la Zengi, limene Saladin analilanda mphamvu. Kuwerenga anayi amenewa pamodzi, n'kuona pamene akukumana ndi pamene akusiyana, ndiyo ntchito imene imatidyera maso.

Ntchito imeneyi ndiyo imaulula chimene filimu inabisa. Owonera amatuluka akukhulupirira kuti pa 2 Okutobala 1187, mzinda utaperekedwa kwa Saladin, anthu onse a mu Jerusalem anatuluka mwaufulu. Sizinatero. Panali dipo: madinari 10 mwamuna, madinari 5 mkazi, ana ndalama yocheperako, ndipo anapatsidwa masiku 40. Balian anapereka madinari 30,000 kuombola amphawi 7,000. Al-Adil, mng'ono wake wa Saladin, anapempha anthu 1,000 n'kuwamasula kwaulere, ndipo Saladin yemwe anamasula okalamba ambiri. Komabe anthu pafupifupi 15,000 amene analephera kulipira anatengedwa ukapolo. Amene akutiuza zimenezi si adani a Saladin ayi, ndi alembi achisilamu omwe, ndipo sanazione ngati zochititsa manyazi. Filimu siionetsanso kuti nkhondo ya ku Hattin itatha, Saladin analamula kuti akaidi a magulu a ankhondo achikhristu a Templar ndi Hospitaller aphedwe.

Kodi ndiye kuti mtsikana uja anakondwera pachabe? Ayi. Mu Julaye 1099, ankhondo amene anayankha kuitana kwa Papa Urban wachiwiri ku Clermont mu 1095 atalowa mu Jerusalem, anapha Asilamu ndi Ayuda ochuluka kwambiri. Mu 1191 mfumu Richard ya ku England inapha akaidi oposa 2,000 ku Acre, maso a ankhondo a Saladin akuona. Mu 1187 kupha kotere kunalibe. Poyerekeza ndi anthu a m'nthawi yake, chifundo cha Saladin chinali chenicheni, ndipo Akhristu omwe anamenyana naye anachivomereza. Koma chinali chifundo cha mfumu ya zaka za m'ma 1100, yofuna ndalama zolipirira asilikali ake.

Mkangano wa m'kalasi mwanga si wachilendo. Filimuyi isanatuluke n'komwe, katswiri wa ku Cambridge, Jonathan Riley-Smith, anaidzudzula kuti ikupereka mbiri mokomera Asilamu oyaka moto. Nthawi yomweyo Khaled Abou El Fadl, katswiri wa malamulo achisilamu ku America, ankadandaula kuti idzakolezera chidani pa Asilamu. Itatuluka, mtolankhani Robert Fisk anakaionera ku Beirut ndipo analemba kuti anthu anaimirira n'kuomba m'manja pamene Saladin, amene Ghassan Massoud wa ku Syria amasewera, akutola mtanda umene unagwa pansi n'kuuimika bwinobwino. Filimu imodzi, maso osiyanasiyana. Palinso chinthu china chimene chimasokoneza anthu akamatsutsana: filimuyi ilipo mitundu iwiri. Imene inaonetsedwa poyamba ndi ya mphindi 144, koma Ridley Scott anadzatulutsa ina yotalikirapo ndi mphindi zoposa 40, ndipo ambiri amene ananyoza yoyambayo anasintha maganizo ataona yachiwiriyi. Mukamakangana ndi mnzanu, yambani mwafunsana kuti waonera iti.

Kwa ine, vuto lalikulu la filimuyi si chigoba, si wosula zitsulo, si chibwenzi chopeka. Wokamba nthano ali ndi ufulu wolumikiza zinthu kuti nkhani iyende. Vuto ndi mtima umene anamuika Balian m'chifuwa. Filimuyi inapangidwa nsanja za ku New York zitangogwa mu 2001 ndipo nkhondo ya ku Iraq itayamba mu 2003, choncho opanga ankafuna kunena kuti chipembedzo chikakula mphamvu chimabala magazi. Kuti uthengawo umveke, anthu abwino onse anawapanga okayika pa za chikhulupiriro, ndipo oipa onse anawapanga opemphera kwambiri. Guy ndi Reynald anawaveka mpaka zovala za gulu la Templar, chikhalirecho onse awiri sanali a gululo. Apa mnyamata wa kwaya uja anaona bwino.

Balian weniweni sanali wokayika. Atapulumuka ku Hattin anapempha Saladin chilolezo cholowa mu Jerusalem kukatenga mkazi wake ndi ana, ndipo analumbira kuti agona usiku umodzi wokha, osagwira chida. Anthu a mu mzinda atamugwira mwendo kuti awatsogolere, lumbirolo linamulemera mwakuti anafunika mkulu wa mpingo, Heraclius, kuti amumasule, ndipo anatumiza uthenga kwa Saladin wofotokoza chimene chachitika. Saladin sanakwiye. Anapereka anthu operekeza mkaziyo ndi ana mpaka kumalo otetezeka, kenako anazinga mzinda umene mwamuna wake ankauteteza. Saladin nayenso, Mkurdi wobadwira ku Tikrit, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kulanda Jerusalem ndi ntchito ya Mulungu. Amuna awiriwa anamvana osati chifukwa chakuti chikhulupiriro chawo chinali chofooka, koma chifukwa onse ankadziwa kulemera kwa lumbiro lochitidwa pamaso pa Mulungu. Nkhani imeneyi ndi yokoma kuposa imene ili mu filimu, ndipo zimandiwawa kuti inasiyidwa, makamaka ndikaona m'kalasi mwanga Mkhristu ndi Msilamu atakhala benchi imodzi, aliyense wolimba pa chipembedzo chake.

M'badwo uliwonse umasema Saladin wakewake. Walter Scott m'buku lake la The Talisman mu 1825 anamupanga njonda ya ulemu wa Chizungu. Mfumu Wilhelm wachiwiri wa ku Germany anakayendera manda ake ku Damascus mu 1898 pofuna ubwenzi ndi dziko la Ottoman. Youssef Chahine wa ku Egypt, mu filimu yake ya 1963, anamupanga chithunzi cha Gamal Abdel Nasser, mtsogoleri wogwirizanitsa Aluya. Ridley Scott wangowonjezerapo wake.

Sabata yotsatira titaonera filimu ija, ndinagawira ophunzira aja mapepala awiri, lina lochokera ku nkhani ya Ernoul, lina kwa Imad al-Din. Mnyamata wa kwaya ndinamupatsa la mlembi wachisilamu, mtsikana wa hijabu ndinamupatsa la wantchito wa Balian. M'kalasi munali zii kwa nthawi yaitali. Woyamba kukweza mkono anali mtsikanayo. Ankafuna kudziwa chifukwa chake Heraclius anatuluka mu mzinda ndi chuma cha tchalitchi pamene amphawi ankatsala pachipata opanda dipo, ndipo mnyamatayo, asanadzutse mutu papepala lake, anati nayenso funso lake linali lomwelo.