Batire siifa yokha, imaphedwa na chaja

Mwambo wa Kulamba ukafika kumapeto kwa August, pa Mkaika pamadzaza anthu a muno mu Zambia, a ku Malawi na a ku Mozambique, aliyense na foni yofuna moto. Anyamata ochenjera a mu Katete na ku Sinda amangoika batire ya 12V pansi pa thebulo, basi ndalama yayamba kulowa. Batire yomweyo ndiyo imapulumutsa wometa tsitsi malaiti akapita, ndiyonso asodzi a usipa pa nyanja ya Malawi amayatsira nyale m'maboti usiku. Kuyambira 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo ZESCO inayamba kuzimitsa malaiti maola ambiri, batire yakhala ngati khasu.

Koma ambiri akulira: batire yodula, miyezi ingapo chabe, yafa. Nthawi zambiri yaphedwa na chaja.

Musanagule chaja, werengani nambala ya Ah pa batire yanu, muigawe na 10. Batire ya 100Ah ifuna chaja ya 10A. Yamphamvu maningi imatenthetsa batire, yaing'ono imagona masiku osadzaza. Funsani wogulitsa ngati chajayo imachepetsa yokha moto batire ikadzaza. Yabwino imakwera kufika pafupifupi 14.4V, kenaka imatsika. Yachabechabe imangopopa mpaka madzi a m'kati auma. Ngati batire yanu ni ya lithium, ifuna chaja yakeyake.

Manje imwe a sola, mverani. Kulumikiza panelo molunjika ku batire ni kuiphika, chifukwa dzuwa likawala panelo imatulutsa pafupifupi 18V. Ikani controller pakati. Mtengo wake ni wochepa kuyerekeza na batire yatsopano.

Vuto lina ni kuikama mpaka nyale yazima. Batire yodzaza ikapuma imaonetsa 12.6V kapena 12.7V pa mita. Ikafika 12.2V, yatsala theka, ipatseni moto tsiku lomwelo. Ikagona yopanda moto, mapuleti a m'kati amagwira zoyera zolimba, ndipo mphamvu yake siibweranso yonse. Ya galimoto inapangidwira kuliza injini chabe. Ya nchito ya tsiku lonse ni yolembedwa deep cycle.

Madzi akatsika, thirani distilled water, osati a pa mjigo, osatinso asidi. Polumikiza, yambani na waya yofiira pa plus, yakuda pa minus, ndiye muyatse chaja. Ndipo osachajira m'chipinda chogona chotseka, pafupi na mbaula kapena fodya: batire imatulutsa mpweya wa hydrogen womwe ungaphulike na kamoto kochepa.

Kulamba isanafike, bwerekani mita kwa makanika, muyese batire yanu. Ni bwino kudziwa lero kusiyana na kubweza ndalama za anthu mafoni awo ali chizimire.