Alamu Anga Asanduka Ofulula Mowa

Mpaka chilimwe chathachi, alamu anga, amuna awo a achemwali, ankafuna zinthu ziwiri zokha pa mowa: uzizire, uchuluke. Akhala ku Cape Town zaka zambiri, ndipo Loweruka lililonse linkatha mofanana: kupapira mpaka kuiwala komwe aika makiyi, Lamulungu n'kudzuka ndi matsire, akulamula msuzi wa tsabola ali chigonere. Kukhitchini ankalowako pokatsegula firiji basi. Mukawafunsa komwe mowa umachokera, yankho linali lachangu: ku botolo sitolo.

Mu Disembala, dzuwa la kumeneko litayamba kuswa mtengo, mnzawo wa kuntchito anawatengera ku Woodstock, komwe kuli timafakitale tofulula mowa pang'onopang'ono. Anawaikira timatambula ting'onoting'ono pathabwa, alamu n'kufunsa ngati amenewa ndi mankhwala a chifuwa. Atalawa mowa wakuda wotchedwa stout anamva khofi, pomwe khofi munalibemo; fungolo ndi kuda kwake zimachokera ku balere wokazinga. Pale ale ina inkanunkhira magalagadeya chifukwa cha hops wotchedwa Southern Passion, yemwe amalimidwa kufupi ndi tauni ya George. Koma chomwe chinawagwira mtima ndi thumba la balere amene anaviikidwa, kumeretsedwa, kenako n'kuumitsidwa. Anatapa, n'kutafuna, n'kufuula: "Amwene, izitu n'zomwe agogo ankachita ndi mawere ku Ntcheu!"

Sabata isanathe, mphika waukulu unali utalowa m'nyumba, limodzi ndi chidebe cha malita 20, sikelo ndi choyezera kutentha. Achemwali ankangoti kukamwa yasa. Bambo uja amene sankadziwa komwe kumakhala chipande tsopano ankatsuka botolo lililonse mpaka kuwala, chifukwa anaphunzira kuti kachilombo kamodzi kosaoneka ndi maso kangathe kusasitsa chidebe chonse. Ankaviika chimera m'madzi a madigiri 66 kwa ola lathunthu kuti ufa wake usanduke shuga, kusefa, kuwiritsa madziwo ola linanso, n'kumaponyamo hops motsata wotchi: woyamba wobweretsa kuwawa, womaliza wa fungo.

Vuto linali kutentha. Yisiti wamba wa ale amakonda madigiri 18 mpaka 20, pomwe chipinda chawo mu Januwale chinkatentha ngati uvuni wa mabanzi. Anzawo ofulula anawauza za kveik, yisiti amene alimi a kumadzulo kwa Norway akhala akusunga kwa mibadwo, amene amagwira ntchito bwinobwino ngakhale pa madigiri 35. Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba: yisiti wa dziko lozizira chonchija ndi amene akupirira dzuwa la kuno! M'masiku ochepa chidebe chinasiya kubwata. Anathira mowawo m'mabotolo ndi kashuga pang'ono kuti mubadwe thovu, n'kudikira masabata awiri. Munthu amene sankatha kudikira kuti botolo lizizire! Ana akafunsa kuti atsegula liti, ankayankha mwaulemerero kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pofika Febuluwale, Loweruka linali litasintha nkhope. Anyamata a kwathu ogwira ntchito kumeneko amasonkhanabe pakhomo, koma pathebulo pamakhala timatambula tija, madzi otsukira m'kamwa ndi kope. Alamu amayamba akweza tambula kuyang'ana mtundu, kununkhiza, kenako kulawa. Amalongosola kuti lamulo la ku Bavaria la mu 1516 linkalola madzi, balere ndi hops zokha, ndipo yisiti silinamutchule. Amawonjeza kuti mowa wagolide umene ambiri timaudziwa unayambira ku Plzeň mu 1842, ndi kuti fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Wina akagugudiza tambula yonse kamodzi, amamudzudzula: "Achimwene, mwezi wathunthu wa ntchito yanga mwaumeza osaupatsa moni?"

Chosangalatsa kwambiri n'chakuti amamwa pang'ono kuposa kale. Mabotolo awiri amawakwana, poti botolo lililonse amalidziwa thukuta lake. Matsire anasamuka, ndalama za botolo sitolo zikugula nsapato za ana, ndipo miphika ya achemwali siinawalepo chonchi. Masese amene ankawanyoza kuti ndi mowa wa kumudzi tsopano amawatchula mwaulemu, ndipo aimbira kale foni azakhali awo ku Ntcheu kufunsa masiku amene mawere amamera asanayanikidwe. Azakhaliwo ayankha kuti luso lotere salitumiza pa WhatsApp: abwere yekha patchuthi, atenge mthiko, ayambe ndi kutunga madzi.