Mwana Wanu Akatumizidwa ku Chipatala Chachikulu

Amayi, kumbukirani sewero lija tinamvera pa wailesi. Mayi wina anapita kusikelo ndi mwana wake amene anali ndi chotupa kunsagwada. Adokotala atamupima analemba kalata nati, "Pitani nayeni ku Gulupu." Mayi uja anapinda kalatayo ndi kuibisa m'chikwama chifukwa apongozi ake anamuuza kuti wopita ku chipatala chachikulu sabwerako wamoyo. Anatha milungu itatu akuyendayenda mwa asing'anga, chotupa chikukulirakulira. Pomwe ankafika kuchipatala n'kuti mwanayo akulephera kudya.

Titakambirana za seweroli, amayi ambiri anafunsa kuti, "Kodi kumeneko kuli chiyani chimene kuno kulibe?" Funsoli ndi labwino, ndipo tiliyankha pano.

N'chifukwa chiyani mwana amatumizidwa kwina?

Chipatala chaching'ono cha m'dera lanu chimachiza matenda ambiri monga malungo, kutsegula m'mimba ndi chifuwa. Matenda akakula amatumiza mwana ku chipatala cha m'boma lanu. Nakonso akaona kuti pakufunika akatswiri kapena makina amene iwo alibe, amatumiza ku chipatala chachikulu. Zipatala zazikuluzi ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri amachitcha kuti Gulupu, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Kumeneko kuli madokotala ndi anamwino amene anaphunzira za matenda a ana mwapadera.

Choncho kalata yotumiza sitanthauza kuti mwana wanu wakanika. Imatanthauza kuti thandizo lilipo, koma lili patsogolo. Ana ambiri amene amamwalira ku chipatala chachikulu ndi aja amafika mochedwa, matenda atawafooketsa kale.

Mukafika pakhomo

Ku mbali ya ana, anamwino amayamba ayang'ana mwana aliyense amene wafika. Wodwala kwambiri amamulowetsa nthawi yomweyo, wodwalako pang'ono amaonedwa msanga, ndipo ena onse amadikira pamzere. Musakwiye mukaona mnzanu amene wabwera pambuyo panu akulowa. Si tsankho ayi, mwana wakeyo ali pangozi.

Inunso musakhale chete pamzere ngati mwana wanu akubanika kapena nthiti zikulowa m'kati popuma, ngati wakomoka kapena akuphupha, ngati akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, kapena ngati zikhatho zake zayera kusonyeza kuti magazi achepa. Itanani namwino. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi kapena kuzizira kwambiri, nalonso silidikira pamzere.

Mwana wobanika ndi chibayo amapatsidwa mpweya kudzera m'timapaipi ta m'mphuno. Pali mphekesera yoti mpweyawu umapha. Limeneli ndi bodza. Mpweya amaika kwa mwana amene wadwala kale kwambiri, ndipo ndi umene umamuthandiza kufikira mankhwala atagwira ntchito. Chimodzimodzinso magazi: mwana amene malungo amuthera magazi amapatsidwa magazi opimidwa bwino, ndipo ambiri amatsitsimuka tsiku lomwelo.

Ana obadwa masiku asanakwane

Khanda lobadwa masiku asanakwane, kapena losakwana makilogalamu awiri ndi theka, limazizidwa msanga ndipo limavutika kuyamwa. Ana otere ali ndi chipinda chawo chofunda, momwe muli makina owathandiza kupuma. Mudzaphunzitsidwa kufinya mkaka wa m'mawere ndi kumwetsa khandalo ndi kakapu kapena kudzera m'kapaipi. Likayamba kulimba mudzaphunzira njira ya kangaru, yomwe ndi kumangirira mwana pachifuwa panu khungu ndi khungu usana ndi usiku. Bambo kapena agogo akhoza kukulandirani kuti inu mupumeko.

Ana onyentchera ndi otupikana

Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi likafiira ndi kuthothoka, kumudzi ena amati ndi tsempho, ndipo banja limayamba kulozana zala. Pomwe akulu akukangana, mwana akufooka. Kutupikanaku kumadza chifukwa chosowa zakudya zoyenera m'thupi, ndipo nthawi zina pamakhalanso matenda ena monga chifuwa chachikulu kapena kachilombo ka HIV. N'chifukwa chake amayamba amupima. Mwana wotere samupatsa nsima yambiri nthawi imodzi ayi. Amayamba ndi mkaka wapadera pang'onopang'ono, usiku womwe, kenaka chiponde. Musamupatse zakudya zina mobisa, ndipo chiponde chake musagawire abale ake. Chimenechi ndi mankhwala.

Opaleshoni ya ana

M'chaka cha 2017 ku Gulupu kunatsegulidwa chipatala cha Mercy James, chomwe chinamangidwa ndi thandizo la bungwe la Raising Malawi. Chipatalachi ndi cha opaleshoni ya ana, ndipo chili ndi chipinda cha ana odwala mwakayakaya, momwe namwino sachoka pafupi ndi bedi. Ana obadwa opanda njira yotulukira chimbudzi, amene matumbo awo atsekeka, ndi amene ali ndi zotupa m'mimba amathandizidwa kumeneko. Mwana amene mutu wake ukukula mopitirira chifukwa cha madzi, kapena wobadwa ndi mlomo wong'ambika, nayenso akhoza kuthandizidwa ndi opaleshoni. Musamubise m'nyumba. Si ufiti, ndipo si kulakwa kwanu.

Opaleshoni isanachitike adokotala amakufotokozerani, ndipo kholo limasaina kapena kudinda chala. Nthawi zambiri mayi amaopa kuvomera yekha, amafuna kuti amve kaye kwa bambo kapena kwa atsibweni a mwana. Ndi bwino kukambirana nkhaniyi musananyamuke kumudzi, chifukwa matenda ena sadikira uthenga. Akakuuzani kuti mwana asadye kapena kuyamwa kwa maola akutiakuti, mverani ngakhale alire. Mwana wokhuta akagonekedwa tulo ta opaleshoni akhoza kusanza ndi kutsamwa.

Mapazi opindika

Ku Blantyre komweko kuli chipatala cha Beit CURE chomwe chinatsegulidwa m'chaka cha 2002. Chimathandiza ana opunduka mafupa, monga a miyendo yamatewe ndi a mapazi opindika. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Khanda lobadwa ndi mapazi opindika likafika msanga amalimanga pulasitala, yomwe amasintha sabata iliyonse kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Pambuyo pake limavala nsapato zapadera zolumikizidwa ndi kachitsulo, poyamba usana ndi usiku, kenaka pogona pokha kwa zaka zingapo. Mukasiyira panjira phazi limapindikanso. Thandizo la pulasitalali limapezekanso m'zipatala zambiri za m'maboma, choncho funsani kusikelo.

Khansa ya ana

Chotupa cha mwana wa m'sewero uja ndi mtundu wa khansa yomwe imagwira ana kunsagwada kapena m'mimba, ndipo imakula mofulumira kwambiri. Komabe imamva mankhwala, ndipo ana ambiri amachira akafika msanga. Zizindikiro zina zofunika kuthamanga nazo ndi mimba yotupa mbali imodzi, ndi kachinthu koyera m'kati mwa diso kowala ngati diso la mphaka usiku. Mankhwala a khansa amasanzitsa ndi kuthothola tsitsi, koma tsitsilo limameranso. Chotupa chikaphwa musathawe naye mwana poganiza kuti wachira. Malizani mankhwala onse ndipo mubwerenso pa tsiku lomwe akulemberani.

Ponyamuka

Tengani kalata yotumiza, buku la kuchipatala la mwana, mankhwala onse amene akumwa, nsalu, sopo, kapu ndi mbale. Ngati anamwako mankhwala achikuda, auzeni adokotala osabisa, kuti adziwe pogwira. M'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere, koma konzani ndalama ya ulendo ndipo pezani wosamala ana otsala pakhomo. Mukamatulutsidwa funsani kuti mwana amadwala chiyani, mankhwala azimwa bwanji, ndipo mubwerenso liti. Kufunsa si mwano.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi mayi wa m'sewero uja akanayankha chiyani kwa apongozi ake?
2. Kodi m'mudzi mwanu ndani amapereka chilolezo mwana akafunika opaleshoni? Nanga akakhala kuti wachoka?
3. Kodi gulu lanu lingathandize bwanji mayi amene wapatsidwa kalata koma alibe ndalama ya ulendo?