Tiyeni Tikaone Zilumba za M'nyanja Yathu

Inu amene mumakhala kwa Mwadzama, nyanja mumaiona tsiku ndi tsiku. Mumatungamo madzi, mumachapamo, ndiwo zimachokera momwemo. Koma kodi munayamba mwakwerapo boti kungopita kukaona zilumba? Alendo amachokera kutali, kulipira ndalama zambiri, kudzaona zimene ife timangozidutsa.

Mukatsika ndi msewu wa ku Salima n'kukafika ku Senga Bay, muona kachilumba ka miyala patsogolo panu. Dzina lake ndi Namalenje. Pa boti la injini ulendo wake sukwana ola limodzi. Kum'mwera kuli zilumba zina zitatu: Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zitatuzi zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene boma linakhazikitsa mu 1980. Kumeneko saloleza kuwedza kapena kuponya ukonde pafupi ndi miyala.

Boti likayandikira, yang'anani m'madzi. Muona tinsomba tobiriwira, tachikasu ndi tamawangamawanga. Timeneti ndi mbuna. Timadya ndere za pamiyala ndipo sitipita kutali ndi kwawo. N'chifukwa chake mbuna za pa chilumba china zimasiyana ndi za pa chinzake. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima. Pamwala ng'azi imakhala ikuothera dzuwa. Woyendetsa boti akaliza likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi imatsika mumtengo n'kuiwakha ndi zikhadabo. Apa ngakhale nkhalamba imakuwa ngati mwana!

Miyala ina muiona yoyera mbuu, ngati yopakidwa laimu. Si laimu ayi, koma zitosi za mbalame zodya nsomba. Miyala ya zilumba zathu ndi yolimba, sisungunuka msanga. Ku dziko la Vietnam, pamalo otchedwa Ha Long Bay, ndiye kuli zilumba za miyala ya laimu zoposa 1,000. Mwala wa laimu umadyeka pang'onopang'ono ndi madzi a mvula, choncho zilumbazo zili ndi mapanga oti bwato n'kulowamo.

Chilumba chimene asodzi a kuno amachidziwa bwino ndi Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira m'boma la Salima. Kumeneko sikopita mwachisawawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko anaika malamulo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Amayi saloledwa kuponda pa chilumbacho. Dzinja likayamba, mu Disembala, asodzi onse amachoka, chilumba chimatsekedwa mpaka mvula itatha. Nthawi imeneyi nsomba zimaswana popanda wozisokoneza, ndiye utaka wa ku Mbenji ndi wotchuka. Ngati pagulu panu pali amayi, sankhani Namalenje kapena Maleri.

Tsopano mvetsetsani izi, pakuti nyanja ilibe chibale. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumaomba Mwera. Mphepo imeneyi imautsa mafunde aakulu, ndipo yamiza anthu odziwa kusambira. M'dzinja chenjerani ndi Mpoto ndi ziphaliwali. Musananyamuke funsani asodzi achikulire a padoko. Akati lero ayi, bwererani kunyumba, ngakhale mutalipira kale.

Werengani anthu musanakwere. Ine ndinatsikapo m'boti lina chifukwa mwini wake ankangoonjezera anthu, madzi ali pafupi kulowa. Anzanga anandiseka, koma sindinachite manyazi. Funsani jekete yoyandamitsa munthu pamadzi, ndipo muivale, musaikhalire. Onani ngati m'botimo muli nkhafi ndi chokapira madzi, poti injini imatha kuzima pakati pa nyanja. Woyendetsa akamanunkha mowa, musakwere.

Mtengo mugwirizane muli pamtunda. Popeza tsopano mukudziwa kulemba, lembani papepala mayina a onse okwera, ndalama zimene mwalipira ndi nthawi yobwerera. Pepalalo mulisiye kwa munthu wotsala padoko.