LOTO LA MNYAMATA WA KU WIMBE LINAYAMBIRA PA DZALA LA ZITSULO

Caka ciri conse zotsatira za mayeso zikatuluka, m'midzi mwathu mumakhala makomo a mitundu iwiri. Pa makomo ena pamamveka nthungululu cifukwa mwana wapeza malo ku sekondale kapena ku koleji. Pa makomo ena pamangoti zii ngati pagwa maliro, cifukwa mwana wakhalira, kapena wapambana koma makolo alibe comutumizira kumene waitanidwa. Ambiri mwa ana otsalawa amayesa kuti zonse zimene anali kulakalaka pa moyo wao zathera pomwepo. Ena amakwera basi kunka ku Lusaka kapena ku Migodi kukafuna nchito imene kulibe, ndipo ena amangokhala pa kantemba kuyembekeza kuti dzuwa lilowe.

Nkhani yathu sabata ino ndi ya munthu amene anakulira pa khomo lotere, tsidya linalo la malire. Dzina lake ndi William Kamkwamba, Mcewa mnzathu, wobadwa m'caka ca 1987. Kwao ndi m'mudzi wa Masitala, kwa Mfumu Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, boma limene lacita malire ndi Cigawo cathu ca Kum'mawa. Makolo ake ndi alimi a cimanga ndi fodya, ndipo mwa ana asanu ndi awiri a m'banjamo mwamuna ndi iye yekha.

NJALA INAMCOTSA PA SUKULU

Akuluakulu akumbukira njala ya 2001 ndi 2002, imene inasautsa Malawi ndipo inafikanso kuno kwathu. Nkhokwe za kwa a Kamkwamba zinauma, kotero kuti banja lonse linayamba kudya kamodzi cabe pa tsiku, madzulo, ndiponso kansima kake kanali kosakhutitsa ngakhale mwana. Pa nthawi imeneyo William anali atangoyamba kumene maphunziro pa sukulu ya sekondale ya Kachokolo. Malipiro a pa caka anali ofanana ndi madola 80 a ku America. Munthu amene akusowa ufa sangapeze ndalama yotere, motero mnyamatayo anabwerera kunyumba ali ndi zaka 14.

Pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe panali kanyumba ka mabuku kakang'ono, ndipo mabuku ace ambiri anali mphatso yocokera ku America. William anayamba kupita kumeneko kuti mutu usacite dzimbiri, poyembekeza kuti tsiku lina adzabwerera m'kalasi. Cingerezi sanali kucidziwa bwino, cotero anali kutsata zithunzi ndi mizere yolozera, ndi kufunsa tanthauzo la mau amene amlaka. Tsiku lina anapeza buku lochedwa Using Energy, limene pacikuto pake panali cithunzi ca makina atali a mapiko ozunguzidwa ndi mphepo. Bukulo linanena kuti makina otere angathe kupanga magetsi ndi kupopa madzi.

Mau akuti kupopa madzi ndiwo anamgwira mtima. Mwana amene waona abale ake alikuonda ndi njala adziwa kufunika kwa madzi. Anaona kuti ngati madzi a pansi angakwezedwe ndi kuthiridwa m'munda m'cilimwe, banja lingakolole kawiri pa caka, ndipo njala singalowenso pakhomo. Anaonanso kuti magetsi angacotse koloboi wa utsi ndi mtengo wa palafini, umene unali kugonetsa anthu dzuwa litangolowa. Tiyeni tizindikire bwino pamenepa: loto lake linacokera pa bvuto la pakhomo pao penipeni, limene anali kuliona ndi maso tsiku ndi tsiku.

NZERU YA DAINAMO YA NJINGA

Kuyambira ali wamng'ono William anali kukonda kumasula mawailesi akufa pamodzi ndi msuweni wake kuti aone cimene cimalankhula m'kati, mpaka anthu anayamba kuwabweretsera mawailesi kuti awakonzere. Cinanso cimene cinamdabwitsa ndi dainamo ya njinga, ija imayatsa nyale munthu akamapalasa. Nzeru yake ndi yosabvuta. M'kati mwa dainamo muli maginito amene amazungulira pafupi ndi waya wa mkuwa wokulungidwa kambirimbiri. Maginito akazungulira, mu wayamo mumayenda mphamvu ya magetsi. Dainamo siisankha coizunguza. Mwendo wa wopalasa njinga uizunguza, ndipo mphepo ingaizunguzenso. Makina akuluakulu a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge amagwira nchito mwa nzeru yomweyi, kungoti kumeneko cozunguza ndi madzi.

Ndalama zogulira zipangizo analibe. Koma pafupi ndi sukulu imene anacotsedwa panali dzala la zitsulo zakale za pa esiteti ya fodya. M'menemo anatola fani ya injini ya thirakitala ndi zitsulo zina. Mapiko anapanga ndi mapaipi a pulasitiki amene anawang'amba, nawaotha pa moto, nawaphwathalitsa. Coboolera cinali msomali wootcha pa moto, cogwirira cake citsononkho ca cimanga. Zitsekero za mabotolo anazisula kuti zikhale mawashala. Atate ake anamlola kutenga njinga yao yakufa, ndipo dainamo anamgulira ndi bwenzi lake, mwana wa Mfumu Wimbe. Nsanja yoikapo makinawo, yotalika mamita pafupifupi asanu, anaimanga ndi mitengo ya bulugamu, mothandizana ndi bwenzi lakelo ndi msuweni wake uja.

Anthu pomuona alikufukula m'dzala anati mwanayu wacita misala, ndipo ena anati wayamba camba. Ngakhale amai ake anada nkhawa. Koma m'caka ca 2002, anthu atasonkhana kudzaona camisalaco, mphepo inaomba, mapiko anazungulira, gudumu la njinga linatembenuka, ndipo babu imene inali m'manja mwa mnyamatayo inayaka. Pambuyo pake anawonjeza batire ya galimoto yosungira mphamvu, nayatsa mababu anai ndi mawailesi awiri pakhomo pa makolo ake. Maswichi anapanga ndi mphira ya mapatapata. Aja anali kumseka anayamba kubwera ndi mafoni ao kuti awaikire moto. Akulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

ZAKA ZISANU ZA KUYEMBEKEZA

Aliyense wofotokoza nkhaniyi amathamangira pa tsiku limene babu inayaka, koma awerengi athu ayenera kudziwanso zimene zinatsatira. Babu inayaka, koma ndalama ya sukulu sinapezeke. William anakhala pafupifupi zaka zisanu kunja kwa kalasi, alikulima ndi atate ake, kuwerenga m'kanyumba ka mabuku kaja ndi kukonza makina ake akathyoka. Monga afotokozera m'buku la moyo wake, mvula itabvutanso panali ena amene ananena kuti nsanja yake ndi yaufiti, ndiyo iri kupitikitsa mitambo. Zaka zimenezi ndizo zinayesa mtima wake koposa, pakuti kunalibe womuombera m'manja.

Zinthu zinasintha m'caka ca 2006, pamene akuluakulu a bungwe limene linali kuyang'anira mabuku aja anabwera ku Wimbe naona makinawo. Mmodzi wa iwo, Dr. Hartford Mchazime, anaitana atolankhani, ndipo nyuzipepala ya Daily Times ya ku Malawi inalemba nkhaniyi. M'caka ca 2007 William anakwera ndeke koyamba kunka ku Arusha m'dziko la Tanzania, kumene analankhula pa msonkhano waukulu wochedwa TEDGlobal. Kumeneko ndiko anaona intaneti koyamba. Amene anamumva anasonkha ndalama za maphunziro ake. Anaphunzira ku Lilongwe, kenaka ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo m'caka ca 2014 analandira digiri pa Dartmouth College ku America. Buku la moyo wake, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi mtolankhani Bryan Mealer, linatuluka mu 2009. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor anatulutsa filimu ya nkhaniyi, yojambulidwa ku Malawi, ndipo zambiri m'menemo zimalankhulidwa m'cinenero cathu.

Komabe cimene a Kamkwamba anali kufuna paciyambi cinali madzi, ndipo sanaciiwale. Thandizo litapezeka, kwao kunakumbidwa citsime cakuya, naikapo pampu yoyendera mphamvu ya dzuwa. Amai ao ndi akazi a m'mudzimo analeka kuyenda mtunda kukatunga madzi, ndipo munda wa banja unayamba kuthiriridwa m'cilimwe. Bungwe la Moving Windmills, limene linakhazikitsidwa mu 2008 cifukwa ca nchito yao, linathandiza kumanganso sukulu ya pulaimale ya Wimbe, pomwe paja anapeza buku. Loto la kukolola kawiri linakwaniritsidwa patapita zaka, ndiponso mwa njira yosiyana ndi imene mwana wa zaka 14 anaganiza, koma linakwaniritsidwa pakhomo pomwe linabadwira.

PHUNZIRO KWA IFE

Sitinganamize acinyamata athu kuti aliyense womanga cinthu adzaitanidwa ku Arusha kapena ku America. Mwai wotere umagwera owerengeka. Koma onani kuti pamene alendo anafika ku Wimbe anapeza cinthu coimirira, cozungulira, coyatsa nyale. Akadapeza mnyamata wongodandaula za njala ndi malipiro, akadamumvera cisoni ndi kupitirira. Ndiponso ngakhale alendowo akadapanda kubwera konse, nyumba ya makolo ake inali itawala kale, ndipo iye anali atadziwa kale kuti mutu ndi manja ake zingathe kusintha zinthu. Cikhutiro cotere munthu sacita kupatsidwa, ndipo palibe angamlande.

Mabvuto ofuna nzeru zotere sasowa kuno kwathu. Pa 29 Feburuwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citapserera m'minda. Madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anabvuta ngakhale m'matauni. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kuika ndi kukonza pampu ya dzuwa, kukumba ndi kumanga citsime, kuotcherera zitsulo kapena kuthirira dimba mosataya madzi, ali ndi nchito imene mudzi wake ukuifuna.

Cipata cimene cinatsekera William cinatsegulidwa m'dziko muno mu Januwale 2022, pamene Boma linacotsa malipiro m'masukulu ake kufikira kumapeto kwa sekondale. M'caka comweco thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lochedwa CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse, ndipo gawo lina linapatulidwa kuti lilipirire ana osowa m'masukulu ogonera komweko ndi acinyamata ofuna kuphunzira nchito za manja, monga zimene amaphunzitsa pa Chipata Trades Training Institute. Amene afuna thandizoli ayambe kwa khansala wao kapena kwa a komiti ya citukuko ya m'wadi mwao, ndipo afunse nthawi yolembetsera isanapite.

Mau ena apite kwa makolo, aphunzitsi ndi anyakwawa. Mutu umodzi susenza denga. Makina a ku Wimbe anaimirira cifukwa atate analolera njinga yao, bwenzi linagula dainamo, ndipo wina anasunga mabuku pamalo pamene mwana wosalipira angawafikire. Aphunzitsi akulu amene atsekera mabuku m'kabati poopa kuti angang'ambike aganizirepo bwino. Buku limene linasintha mudzi wa Masitala linali pa shelefu yotseguka, ndipo analibwereka ndi mwana amene dzina lake linali litafafanizidwa kale m'kaundula wa sukulu. Inunso makolo, mukaona mwana alikumasula wailesi yakufa kapena kutola mawaya ndi zitsulo, musafulumire kumucha wamisala. Yambani mwamfunsa cimene afuna kupanga, ndipo ngati muli ndi njinga yakufa kuseri kwa nkhokwe, mpatseni.