Kubecha m'mawa olo kuyembekeza line-up: wochenjera ni ndani?

Pa Chiwelu, pitani pa shopu ya kubecha ku Kanyama olo ku Matero, mupeza magulu awiri. Ena tiketi anaidula kale pa Chinayi na Airtel Money. Ena agwira foni, ayembekeza line-up. Aliyense akamba kuti mnzake ndiye chipuba.

Nkhani iyi anthu a masamu amaitcha game theory. John von Neumann na Oskar Morgenstern anailembera buku mu 1944, koma amene anasewerapo nsolo aidziwa kale: usanagwire mwala, uganize chimene mnzako azachita. Pa kubecha muli atatu: imwe, kampani, na aja a ndalama zambiri amene amawerenga manambala tsiku lonse.

Mukabecha msanga, odds imakhala ikalibe kukhazikika, ndipo nthawi zina mungagwire mtengo wabwino. Koma simudziwa ngati striker azadwala pa Chisanu. Mukayembekeza, nkhani mumakhala nayo. Mu Premier League, kuyambira 2024, line-up imatuluka mphindi 75 bola isanayambe. Vuto ni yakuti kampani nayo yaiona, na kompyuta yake ithamanga kupambana network ya ku Chawama. Pamene mutsegula app, 2.40 yasanduka 2.10. Nkhani yodziwika kwa aliyense ilibe phindu, yalowa kale mu mtengo.

Aja akuluakulu nawo ali na masewera awo. Akaika ndalama msanga, kampani imaona na kusintha odds, chinsinsi chaululika. Ndiye ambiri amabisala mpaka pafupi na kick-off. Odds ikagwa mwadzidzidzi imwe n'kuithamangira, mwapeza nyama yatha, kwatsala supu.

Manje onani chimene sichisintha olo mubeche nthawi yanji. Matimu awiri olingana mphamvu, kampani iika 1.90 uku na 1.90 uku. Imwe K100 mbali iyi, mnzanu wa ku Mtendere K100 mbali ina. Yalowa K200, yotuluka K190. K10 yatsala kwa eni shopu, awine aliyense. Mukamanga magemu asanu a mtundu uwu pa tiketi imodzi, kagawo kaja kamakula mpaka pafupifupi K23 pa K100 iliyonse. Cash out nayo sibwera mahala: mtengo amaika ni eni ake.

Muzati nanga Leicester City, imene inatenga ligi mu 2016 pa 5000 kwa 1? Zoona. Koma timaikumbukira chifukwa zotere sizichitika kawirikawiri.

Ndiye nthawi yofunika kusankha ni iyi: musanatsegule app, patulani ya lendi, ya unga na ya malasha. Ikani malire m'mawa mutu ukali wozizira. Gemu ya usiku yofuna kubweza zimene mwaluza masana, isiyeni ipite. Pa 30 landilodi sazafunsa kuti ni timu iti inadula tiketi.