Musanaitane Wothira Gasi: Kusamala Firiji Kudera Lotentha

Amene anatsikapo msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti amadziwa kuti juzi imene munthu amavala ponyamuka ku Dedza amaivula asanafike pa msewu wa M5. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka kutentha kumatha kupitirira madigiri 35, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i kumaposa pamenepo. Firiji imene imagwira ntchito bwinobwino kumtunda imavutika ikafika kuno. Komatu m'makomo ambiri firiji si chokongoletsera nyumba. Mafirizesi, thobwa lozizira ndi nsomba zimene amayi amagulitsa ndi zimene zimathandiza kulipira fizi ya ena a ife. Ikafa, bizinesi yaima.

Firiji sipanga kuzizira

Choyamba kuchimvetsa ndi ichi: ntchito ya firiji ndi kuchotsa kutentha m'kati n'kukatayira kunja. Kompuresa, injini yakuda ija imene ili kumbuyo cham'munsi, imapopa gasi m'timapaipi. Gasiyo amatenga kutentha kwa zakudya n'kukakutulutsira kumbuyo kapena m'mbali mwa firiji. N'chifukwa chake m'mbali mwa mafiriji ambiri atsopano mumafunda mukagwira, ndipo limenelo si vuto. Vuto limabwera pamene kutenthako kwasowa kopita. Mpweya wa m'chipinda ukakhala wotentha kale, kompuresa imalira nthawi yaitali osapuma, mayunitsi amatha msanga, ndipo injiniyo imakalamba isanakwane nthawi yake.

Choncho pogula, yang'anani kachikwangwani kamene kali m'kati kapena kumbuyo. Pamakhala chilembo chosonyeza kutentha kumene firijiyo inapangidwira. Ya N imapirira mpaka madigiri 32, ya ST mpaka 38, ndipo ya T mpaka 43. Kwa munthu wa ku Mtakataka, ya ST kapena T ndiyo yoyenera. Izi n'zofunika kwambiri pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena imene m'bale wabwera nayo kuchokera ku Joni.

Ponyamula, iimirire chilili. Ikagonekedwa, oilo wa mu kompuresa amalowa m'timapaipi. Ikafika pakhomo, isiyeni maola angapo musanayatse, ndipo ngati inagonekedwa pa lole, igone usiku wonse ili chiimire. Iikeni kutali ndi mbaula ndi zenera lolowa dzuwa, ndipo siyani mpata wolowa dzanja pakati pa iyo ndi khoma.

Ya firiza kumunsi

Mafiriji ambiri amene ali m'masitolo masiku ano ali ndi chipinda choumitsira, chimene timati firiza, kumunsi. Ubwino wake ndi wakuti mbali imene mumatsekula kawirikawiri ili pamaso panu, simuwerama pofuna tomato kapena mkaka. Madirowa a kumunsi nawo amasunga mpweya wozizira mukatsekula chitseko. Kumtunda kuzikhala madigiri 4 kapena kutsikirapo pang'ono, ndipo kufiriza madigiri 18 pansi pa ziro.

Mafirijiwa alipo amitundu iwiri. Ina imaundana ayezi m'mashelefu a firiza, ndipo muyenera kuisungunula nokha. Ina, yolembedwa kuti No Frost, imadzisungunula yokha, ndipo ili ndi kafani kamene kamakankha mpweya wozizira kuchokera kufiriza kukwera nawo kumtunda kudzera m'kanjira kobisika. Dziwani mtundu wa yanu, chifukwa matenda ake amasiyana.

Zizindikiro ndi tanthauzo lake

Kumunsi kukuumitsa koma kumtunda kwafunda. Pa firiji ya kafani, nthawi zambiri ayezi amakhala watseka njira ya mpweya, kapena kafaniko kafa. Onani kaye ngati mapoto sanatseke timabowo totulukira mpweya. Kenako tulutsani zonse, zimitsani, ndipo siyani zitseko zotsekula tsiku lathunthu. Ikayambanso kuzizira koma vuto n'kubwerera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti chipangizo chosungunula ayezi chawonongeka. Pamenepo itanani mmisiri.

Madzi pansi pa dirowa ya ndiwo zamasamba, kapena ayezi woyalana pansi pa firiza. Kabowo kotulutsa madzi katsekeka ndi nyenyeswa za zakudya. Kathireni madzi ofunda mpaka ayambe kutsikira m'kambale kamene kali pamwamba pa kompuresa.

Ikulira osapuma. Sesani fumbi ndi akangaude kumbuyo mutazimitsa. Kenako yesani labala wa chitseko: panani pepala ndi chitseko n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, mpweya wotentha ukulowa. Tsukani labalayo ndi madzi ofunda a sopo, ndipo ngati wang'ambika, musintheni.

Ikungoti "tiki" pakapita mphindi zingapo koma injini osayamba. Mwina magetsi abwera ofooka, kapena kachipangizo koyambitsa kompuresa kapsa. Zimitsani msanga, chifukwa kuumiriza kumapsereza injini. Kachipangizoko n'kotchipa kwambiri poyerekeza ndi kompuresa.

Nanga gasi? Ambiri firiji ikafunda amathamangira kunena kuti gasi watha. Gasi wa firiji satha ngati wophikira, amangozungulira m'mapaipi otsekedwa. Akachepa ndiye kuti penapake pabooka, ndipo kuthira wina osatseka pobookapo ndi kutunga madzi ndi dengu. Mmisiri akanena za gasi, mufunseni akuonetseni pamene pakutuluka. Mabowo ambiri timaboola tokha pokokota ayezi ndi mpeni. Musatero. Ikani beseni la madzi otentha m'kati, ayezi agwa yekha. Dziwaninso kuti mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a, amene amayaka. Paipi ikabooka, tsekulani mazenera ndipo musayatse machesi pafupi.

Magetsi akazima

Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma magetsiwo amalowa m'mawaya a ESCOM a dziko lonse, choncho kukhala nawo pafupi sikutanthauza kuti kwanu sazima. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022.

Firiji imaopa kwambiri kubwera kwa magetsi kuposa kuzima kwake, chifukwa amatha kubwera amphamvu kwambiri kapena ofooka. Gulani fridge guard, kachipangizo kolowetsa pa soketi kamene kamadikira mphindi zingapo kasanalole magetsi kulowa. Ngati mulibe, zulani pulagi akangozima, ndipo akabwera dikirani mphindi 5.

Akazima, musamatsekuletsekule. Mbali ya kumtunda imasunga zakudya pafupifupi maola 4. Firiza yodzaza imatha kufika masiku 2, yodzaza theka tsiku limodzi, koma m'nyengo yotentha musayembekezere kuti ifika pamenepo. Dzazani malo otsala ndi mabotolo a madzi, osawadzaza mpaka pakamwa. Akauma amasunga kuzizira, ndipo awiri kapena atatu mutha kuwakweza kumtunda magetsi akazima.

Izi zikukhudzanso chakudya chimene timaphika Lachisanu kukonzekera Sabata. Musalowetse poto wa nyemba ali chiwirire, koma musamusiyenso panja mpaka usiku. Gawani m'timbale ting'onoting'ono kuti zizizire msanga, vundikirani, ndipo lowetsani pasanathe maola 2, kapena ola limodzi kukatentha kwambiri. Chambo chosaphika chikhale pansi pa zophikaphika kuti madzi ake asadonthere m'ndiwo. Ngati magetsi anazima usiku wonse ndipo nsomba yasungunuka n'kufunda, itayeni. Fungo silinena zonse, ndipo mtengo wa nsomba sufanana ndi wa banja lonse kukagona kuchipatala cha Mua chifukwa chotsekula m'mimba.

Mukapita kwanu pa holide ikubwerayi, kokani firiji pakhoma, sesani kumbuyo, yesani labala ndi pepala, ndipo onani ngati pa soketi pali fridge guard. Ndi ntchito yosakwana ola limodzi, koma ikhoza kupulumutsa ndalama imene ikanapita ku kompuresa yatsopano m'malo mwa fizi ya semesita yamawa.